Palafini wa Che Amidu

Ndikamakumbukira Che Amidu, ndimamva fungo la dothi lapansi penipeni, lija limatuluka m'dzenje lakuya lili lozizira, lonunkhira ngati mtsuko watsopano umene wangolawa madzi koyamba. Fungo limeneli linkakhala m'malaya mwawo, m'ndevu zawo zaimvi ndi m'zikhadabo, moti ngakhale Lachisanu, atasamba n'kuvala mkanjo woyera kuti apite ku msikiti, ankati akadutsa pakhomo pathu ine ndinkadziwa ndisanatukule mutu pa mtondo kuti akudutsawo ndi iwo. Kumbuyo kwa fungolo kunkabwera chifuwa chawo, chouma, chogunda kawiri n'kupumira, chimene anabwera nacho kuchokera ku migodi ya malasha ku Halale.

Mudzi wathu unali chakumadzulo kwa Nselema, mtunda woti ukanyamuka dzuwa likutuluka umafika pamsika mame asanaume. Ife tinali Akatolika, iwo Asilamu, ndipo pakati pa nyumba yathu ndi yawo panali mpanda wa nkhadze wokhala ndi chiboo chimene nkhuku za mabanja onse awiri zinkadutsirapo osafunsa kuti mwini chimanga amapemphera kuti. Bambo anga, a Yohane, ankagwira ntchito ya njanji ku Balaka ndipo ankabwera kawiri pa chaka. Pakhomo tinkakhala mayi, ine Aginesi, mlongo wanga wamng'ono Yosefe, ndi malume Pitala amene nthawi imeneyo anali asanakwatire. Zimene ndikusimbazi zinachitika patangopita zaka ziwiri kapena zitatu chithere njala yaikulu ija, ine ndili ndi zaka ngati khumi.

Ntchito ya Che Amidu inali yokumba zitsime. Chitsime chimene tinkamwa tonse kumunsi kwa mudzi, pafupi ndi mtengo wa mkuyu, anakumba ndi iwo, ndipo ankachisamala ngati mwana. Koma chimene chinkatikopa ife ana chinali khalidwe lawo akapatsidwa madzi. Munthu wina aliyense ukamupatsa chikho amangomwa. Iwo ankayamba achipendeketsa ku dzuwa n'kuyang'ana mkati, kenako n'kuchifikitsa ku mphuno atatsinzina, kenako n'kupsontha pang'ono, kuwayendetsa madziwo m'kamwa ngati munthu wofufuza munga wa nsomba, ndiyeno n'kumwa. Tinawapatsa dzina loti Che Nunkhizani, ndipo tinkawayeserera kuseri kwa nkhokwe ndi zigoba za malambe. Tsiku lina anandipeza ndikuchita zimenezo. Ndinayembekeza kukalipiridwa, koma anangondilanda chigobacho n'kundiuza kuti ndikulakwitsa, mphuno siyenera kukhudza madzi.

Anandifotokozera kuti kwawo ku Chisilamu madzi oti munthu atawazire, ndiko kusamba kwa pokapemphera, amafunsidwa mafunso atatu: maonekedwe, fungo ndi kakomedwe. Akayankha bwino onse atatu, iwo ankagwedeza mutu n'kunena m'Chiyao kuti mesi gambone, madzi abwino. Anali ndi botolo loyera mbee limene bambo anga anawatengera ku Balaka, ndipo akakayikira madzi ankawathira m'menemo, kuliimika pa khonde tsiku lathunthu, n'kumaona zimene zakhazikika pansi. Ine ndinkatha kukhala chigwadire pamenepo mpaka mawondo kuchita dzanzi, ndikuyang'ana tizinthu tofiira tonga ulusi tikuvina m'madzi amene maso anga anali atawaweruza kale kuti ndi oyera.

M'chilimwe cha chaka chimenecho madzi anatsika kwambiri, moti chidebe chinkabwera ndi matope okhaokha. Amuna anagwirizana zoti alowe akachotse matopewo ndi kukumba pang'ono. Linali tsiku lotentha, nyenje zikulira mu mkuyu mpaka makutu kuwawa, amayi atakhala pamthunzi ndi mitsuko yopanda kanthu. Malume Pitala anali atavula kale malaya, chingwe cha khonje chili m'chiuno, phazi limodzi lili pa mtanda wa pakamwa pa chitsime. Che Amidu anawagwira pa mkono n'kuwauza kuti ayambe adikira, alowe kaye mlendo wina. Mlendoyo anali koloboyi, kanyali kachitini kaja, amene anamuyatsa dzuwa likuswa mtengo, anthu n'kumaseka. Anamumangirira ku luzi n'kuyamba kumutsitsa pang'onopang'ono.

Ine ndinagona chafufumimba m'mphepete, mayi atandigwira mwendo, n'kumalondola kamoto kaja ndi maso. Poyamba kankayaka bwinobwino, kakuwalitsa makoma a dothi lofiira, kenako mzere wa timiyala toyera, kenako dothi lotuwa. Katatsika kupitirira misinkhu itatu ya munthu, kanayamba kufupika, kanakhala ngati kambewu ka mapira, n'kuzima. M'chitsimemo munalibe mphepo, ndipo madzi anali akadali patali. Kanangozima ngati pali wina wakapana ndi zala.

Malume anati mwina chingwe cha nyaliyo n'chachifupi. Che Amidu sanatsutse. Anakoka, anayatsanso, anatsitsanso, ndipo kanazimira pamalo omwewo. Kuseka kunatha. Pamenepo m'pamene anatiuza za mnzawo wa ku mgodi, Mlomwe wa ku Phalombe, amene analowa m'ngalande yakale kukatenga fosholo imene anaiwala. Sanakuwe, sanagwe ndi phokoso, anangokhala pansi ngati watopa, ndipo wachiwiri amene anamutsatira kuti akamudzutse nayenso anakhala pansi pambali pake.

"Mpweya woipa sununkha, Pitala," anatero. "Mphuno yangayi imene mumaisekayi ilibe ntchito pamenepa. Moto ndiye umaudziwa, chifukwa moto ndi munthu amadya mbale imodzi. Pamene moto wakana kukhala, iwenso usakhalepo."

Anatuma anyamata kukadula nthambi zamasamba ambiri za mango, anazimanga mtolo waukulu, ndipo amuna anayi anayamba kuutsitsa ndi kuukoka mwamsangamsanga, kangapo konse, mpaka thukuta kuyenderera m'misana. Ankati akuvundula mpweyawo monga mmene timavundulira thobwa kuti zapansi zibwere pamwamba. Atatsitsanso koloboyi, moto unafika mpaka pamatope uli chiyakire. Komabe sanakhutire. Anagwira nkhuku ya akazi awo, Abiti Saidi, naiika mu dengu n'kuitsitsa, mwini wake akudandaula m'Chiyao chimene sindinachimve chonse. Nkhukuyo inakhala pansipo kanthawi, ndipo inatuluka ikukokoma mokwiya. Che Amidu anati wodandaula ndiye kuti ali moyo, ndipo malume analowa, koloboyi akuyaka pambali pawo mpaka ntchito inatha.

Pobwerera ndinawafunsa kumene mpweya woipawo umachokera, poti palibe amene anauthiramo. Anandiuza kuti sakudziwa. Anati mwina nthaka nayo imapuma ngati ife, mwina ndi masamba ovunda, ndipo ku mgodi anafunsapo koma amene ankadziwa sankayankha anthu akuda. Aka kanali koyamba kumva munthu wamkulu akuvomera pamaso pa mwana kuti chinthu sakuchidziwa, ndipo ndinadabwa nazo kuposa za moto uja.

Chaka chomwecho, mvula isanayambe, amesenjala a ku Boma anayenda m'midzi kulamula kuti nyumba iliyonse ikhale ndi chimbudzi. Pakhomo pathu bambo kunalibe, malume anali atapita ku nyanja ya Chiuta kukagula nsomba zouma, choncho Che Amidu anatikumbira iwo, osafuna kalikonse. Anasankha malo kuseri kwa nyumba yathu, cha kumtunda kwa njira yopita ku chitsime, ndipo anayeza mapazi ambiri ndithu kuchokera pa mkuyu uja asanayambe kukumba. Chinali chimbudzi chakuya kuposa zonse m'mudzimo, ndipo mayi ankanyadira nacho.

Mvula itakhazikika, chimanga chili m'mawondo, matenda anayamba. Anayamba ana a mayi aakulu, akulu awo a mayi anga, kenako mdzukulu wa Che Amidu, kenako Yosefe wathu. Kunali kutsegula m'mimba kosalekeza, ndipo kwa Yosefe kunasanduka kamwazi. Mwana amene ankathamangitsa ziwala tsiku lonse anangogona pa mkeka, maso atalowa, milomo itauma, akulira mopanda misozi. Mayi anamubereka kupita naye ku chipatala cha mishoni, anabwerako ndi mankhwala, anapezako bwino masiku atatu, n'kuyambiranso.

Wotunga madzi pakhomo pathu ndinali ine. Ndinalinso ndi kambuzi kamasiye kamene ndinkakalera, ndipo kankanditsatira kulikonse. Tsiku lina mayi aakulu anandiona ku chitsime ndikukamwetsa m'chidebe chotungira, chomwe chija aliyense ankaponya m'chitsime. Sanachedwe kukanena. Mayi, amene anali asanagone tulo tabwino kwa masabata awiri, anandimenya ndi mthiko pamaso pa anthu, akunena kuti ndathira uve wa mbuzi m'madzi a mudzi wonse ndipo mlongo wanga akafa ndidziwe kuti ndine. Kambuzi kaja anakapereka kwa achibale a kutsidya. Ku chitsime amayi anayamba kundilanda chidebe n'kumanditungira okha, ndipo anzanga ankandiitana Namambuzi. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti ndinakhulupirira. Ndinkayang'ana nthiti za Yosefe zikukwera ndi kutsika, n'kumawerenga masiku amene ndinamwetsa kambuziko.

M'mawa wina ndinadutsa pa chiboo cha nkhadze chija n'kukapeza Che Amidu atakhala pa khonde, akuyang'anitsitsa botolo lawo. Madzi ake anali oyera, opanda fungo, ndipo pansi panalibe kanthu. Ndinawauza zonse ndikulira. Sananditonthoze. Anandifunsa kuti kambuziko ndinayamba liti kukamwetsa m'chidebe, ndipo ndinati kuyambira nthawi yokolola. Anafunsa ngati alipo anadwala nthawi yokolola, kapena m'chilimwe monse muja. Ndinati iyayi. Anafunsa ngati kambuziko kanadwalapo, ndinatinso iyayi. Kenako anandifunsa kuti ndi chiyani chatsopano chimene chabwera m'mudzi muno pakati pa chilimwe ndi tsopano. Ndinati mvula. Anati mvula imabwera chaka chilichonse, ndiganizenso. Ndinaganiza, koma iwo anali atayang'ana kale kupyola mpanda, kuseri kwa nyumba yathu, ndipo nkhope yawo inali itasintha.

Masana a tsiku lomwelo anapita ku Nselema wapansi, mvula ikuwaza, n'kubwerako ndi mabotolo awiri a palafini. Anasonkhanitsa amayi pa mkuyu n'kuwapempha kuti kwa masiku angapo asatunge pa chitsimepo, azipita ku mtsinje, ndipo madzi akumwa aziwawiritsa mpaka agadutse, monga ankachitira ku chipatala cha ku mgodi. Amayi anang'ung'udza, poti ku mtsinje kunali kutali ndipo nkhuni zinali zonyowa. Kenako anapempha mayi kuti awalole kulowa m'chimbudzi chathu, ndipo tonse tikuona anakhuthulira palafini yense uja m'dzenjemo, n'kuthiranso zidebe zinayi za madzi. Abiti Saidi anagwira pakamwa. Palafini wochuluka choncho akanayatsa nyale m'nyumba mwawo mpaka nthawi yokolola. Malume ananong'oneza mayi kuti fumbi la malasha lafika m'mutu mwa mkuluyu.

Che Amidu anandiuza kuti m'mawa uliwonse ndizibwera, ineyo ndi manja angawa, kudzatunga chidebe chimodzi iwo akuona. Mayi aakulu anatsutsa, koma iwo anati chitsime n'chotseka kale, palibe chimene ndingaononge. Tsiku loyamba madzi anali madzi. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Pofika tsiku lachitatu anthu anali atayamba kutopa ndi ulendo wa ku mtsinje, ndipo ena ankati mawa atunga basi, afune asafune. Ine ndinkafunitsitsa kudziwa chimene tikudikira, chifukwa sanandiuze, ndipo ndikafunsa ankangoti tafunsa funso, tidikire yankho. Madzulo a tsiku lachitatu kunagwa chimvula chimene chinagwetsa nthochi ndi kusefukiza njira.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinaponya chidebe, ndinamva chikumira, n'kuyamba kukoka. Chisanafike n'komwe pamwamba ndinamva kafungo kamene sikanali ka chitsime. Nditachikhazika pa udzu, dzuwa linagwera pamadzipo, ndipo pamwamba pake pankayandama timizere tobiriwira, tofiirira, tonyezimira ngati khosi la nkhunda, tikumapindika ndikapumira. Ndinaiwala zonse, ndinangoti n'zokongola. Che Amidu anagwada, anafikitsa nkhope pafupi, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Atadzuka anandituma kukaitana mayi, mayi aakulu, ndi aliyense amene ndingamupeze.

Chidebe chinayenda m'manja mwa amayi onse, aliyense akununkhiza n'kupatsira mnzake. Palibe anafunika kumufotokozera kuti ndi palafini. Che Amidu anati njira imene wadzera palafiniyu, kuchokera ku chimbudzi mpaka kuno, ndi yomwe zakhala zikudzera zina zija chiyambire mvula, zimene maso saziona ndipo mphuno siizimva. Anakumbutsa malume mzere wa timiyala toyera umene uli m'khoma la chitsime. Anati pokumba chimbudzi chathu anaupezanso mzere womwewo, fosholo inalira pa timiyalato, iwo anauzindikira, koma anadziuza kuti mtunda ndi wautali, n'kupitiriza kukumba mpaka kuupyola chifukwa ankafuna kuti dzenje likhale lakuya, anthu aliyamikire.

"Chitsime ndinakumba ndine, chimbudzi ndinakumba ndine," anatero. "Mbuzi ilibe mlandu. Mwanayu alibe mlandu."

Kenako anatembenukira kwa ine. Munthu wa imvi, woti akafika pabwalo anyamata ankamupatsa mpando, ananjuta pansi mpaka maso ake analingana ndi anga, manja akudontha madzi a m'chidebe muja. Sananditchule Aginesi monga mwa masiku onse. Ananditchula monga Ayao amatchulira mayi wolemekezeka, ndi dzina la bambo ake.

"Abiti Yohane, mwasenza katundu wanga masabata awiri. Pepani. Tulani, ndi wanga."

Ndinayang'ana mayi, ndipo mayi anayang'ana pansi. Iwo mawu oti pepa sanawanene, tsiku limenelo kapena lina lililonse, koma masana anandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kundipesa tsitsi pang'onopang'ono, ntchito imene anali atasiya kalekale, ndipo patapita masiku awiri malume anabwera ndi kambuzi kanga pa phewa.

Zotsatira zake sizinali zokoma kwa Che Amidu. Chimbudzi chathu anachikwirira tsiku lomwelo n'kukumba china kumunsi, chosazama. Chitsime nacho anati sachikhulupiriranso, ndipo anachikwirira ndi manja awo omwe, akutsokomola, atakana kuti wina awathandize mafosholo oyamba. China sichikanakumbika mpaka mvula itatha, choncho miyezi inayi yathunthu amayi ankapita ku mtsinje, kuterereka m'matope ndi mitsuko pamutu, kupuma utsi wa nkhuni zaziwisi powiritsa madzi onunkha chikuni. Ambiri anaiwala msanga za timiyala toyera. Ankangonena kuti Che Nunkhizani anaononga chitsime chabwinobwino ndi palafini. Mawuwo ankawafika, koma sindinamve akudziteteza. Ankangodzuka m'mamawa kukatema nkhuni n'kuzisiya pakhomo pa nyumba zimene munali ana odwala.

Yosefe anachira pang'onopang'ono. Anayamba ndi kupempha phala, kenako kukhala tsonga, ndipo pofika nthawi ya mondokwa anali akulimbirana nane chimanga chowotcha. Mdzukulu wa Che Amidu nayenso anachira. Chitsime chatsopano Che Amidu anachikumba kumtunda kwa mudzi wonse, ndipo chimenecho chinakhala chomaliza, chifukwa chifuwa chija chinawagoneka zaka ziwiri zotsatira, n'kuwatenga ine ndili ku sukulu yogonera komweko. Uthenga unandipeza ataikidwa kale.

Ine ndinakula n'kukhala mphunzitsi wa makalasi a ana aang'ono, ndipo ndinaphunzitsa ku Balaka zaka zambiri. Chaka china ndinakwapula mtsikana wina pamaso pa kalasi yonse chifukwa cha buku langa limene linasowa pa tebulo, anzake atamuloza. Madzulo ake ndinalipeza bukulo m'dengu langa lomwe, pansi pa masamba a mpiru amene ndinagula popita kunyumba. Palibe anaona. Ndinakhala nalo masiku atatu, ndikudziuza kuti mwana aiwala, kuti mphunzitsi akadzichepetsa kalasi imamukwera pamutu, kuti ndingomupatsa choko azilemba pa bolodi n'kukhala ngati zatha. Tsiku lachinayi ndinaimika phunziro pakati, ndinapita pamene anakhala, ndinanjuta pa fumbi la m'kalasimo ana makumi asanu akundiyang'ana, n'kumupepesa.

Lero ndine nkhalamba, adzukulu anga amatunga pa mjigo, ndipo zambiri zimene ndinkafunsa ndili mwana anandiyankha ndi mabuku a ana anga omwe. Koma ndikalakwira munthu wochepa kwa ine, woti sangandifunse mlandu, ndimawerengabe masiku amene ndikutenga ndisanapite kwa iye. Nthawi zina amakhala awiri, nthawi zina sabata. Che Amidu sanadikire n'komwe kuti manja awo aume.